Foni ya Malemu Nicolau

Narciso anamubweretsa ku positu yathu ya polisi ku Zóbuè Lachisanu m'mawa, atamumanga manja ndi lamba wa chikwama cha kompyuta. Mwini chikwamayo, Délcio, ankayenda patsogolo atanyamula kompyutayo ili chitsegulire, ngati wansembe wanyamula buku la Misa.

"Mayi sajenti, wakuba ndi uyu, umboni ndi uwu," anatero, n'kuikhazika pa tebulo langa.

Ine ndine Ludovina. Ndagwira ntchito pa malire ano zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo akuba mbuzi, feteleza ndi matayala a malole ndimawadziwa ndi kayendedwe komwe. Narciso sankayenda ngati iwo. Anali bambo wa imvi, wovala jekete lakuda lapamaliro, ndipo ankangoyang'ana pansi.

Nkhani yake inali iyi. Nicolau, malume ake a Délcio, ankayendetsa lole ku mgodi wa malasha ku Moatize, ndipo anamwalira Lachiwiri atadwala chifuwa nthawi yaitali. Thupi analibweretsa kumudzi kwawo kuno, n'kuika Lachinayi. Lachisanu m'mawa abale atayala katundu wa malemu pamphasa kuti aliyense amuone, monga timachitira, panali nsapato za ku mgodi, wailesi, jekete, koma foni panalibe. Inali foni yodula, yomwe Délcio anawagulira malume akewo ku Tete. Narciso anali mlongo wake wa Rosária, mkazi wamasiyeyo. Ife ena titabwerera kuno nkhondo itatha, iye anatsalira ku Mwanza, ku Malawi, komwe anakwatira.

"Taonani," anatero Délcio. "Foni ya malume ndinailumikiza ndi yanga, ndiye ndimaona komwe ili. Inaoneka komaliza dzulo, nthawi ya katorze itangopitirira, ndipo inali apa."

Analoza kadontho ka buluu pa mapu. Kanali tsidya la malire, mbali ya ku Malawi, mkati mwa chozungulira chotuwa chachikulu.

"Pamaliro ponse paja, wa ku Malawi anali mmodzi," anawonjezera.

"Nanga chozungulira ichi n'chiyani?"

"N'chokongoletsa chabe."

Komandanti wathu, yemwe mapu amawakhulupirira kuposa mkazi wake, anaweramira kompyutayo n'kugwedeza mutu. Anati setilaiti sinama, ndipo Lolemba m'mawa Narciso akwera galimoto ya ku Moatize, akakaonekere kubwalo la milandu. Ndinapempha masiku awiri. Anandipatsa mwa ulesi, ngati munthu wopatsa mlendo mpando wothyoka.

*

M'chitokosi Narciso anakhala pansi atatsamira khoma. Ndinamupatsa madzi, n'kumulankhula Chichewa cha ku Mwanza chomwe ndinaphunzira ndili mwana pa msasa wa othawa nkhondo.

"Achimwene, foni ija munatenga?"

"Sindinatenge."

"Munawoloka malire nthawi yanji dzulo?"

"Faifi itadutsa. Pepala langa adinda, lili m'thumbamu."

Chidindo chinalidi cha madzulo. Pa 2 koloko, nthawi yomwe Délcio ankaitchula kuti katorze, anthu oposa zana anamuona Narciso kumanda akulankhula m'malo mwa akuchikazi. Komandanti zimenezo anali atazikonzera kale yankho, ati anapatsira mnzake wa njinga yamoto.

"Ndiye anatenga ndani?" ndinafunsa.

Apa mpamene anandiyang'ana koyamba. Munthu wosalakwa ukamufunsa funso limeneli amatchula mudzi wonse, kuyambira mnansi wake mpaka katekisiti. Narciso sanatchule aliyense.

"Ndilibe mawu, mayi."

"Ku Moatize sakakupatsani madzi ngati ine. Ndinu munthu wa mapepala a ku Malawi, mlandu wanu ukhoza kugona chaka usanamvedwe. Ana anu adya chiyani?"

"Ndamva," anatero, n'kuyang'ananso pansi.

Ndinatuluka nditakwiya. Munthu ameneyu ankadziwa kanthu, ndipo anali wokonzeka kukawolera m'ndende nako.

*

Rosária ndinamupeza pakhonde la nyumba ya masiye, pakati pa amayi a mpingo. Anali wamng'ono thupi, mawu atasasa ndi kulira. Anati anamwino anamupatsa foniyo Lachiwiri kuchipatala, iye n'kuiika m'chikwama. Lachitatu m'mawa, galimoto ya maliro isananyamuke, anapita kumsika wa Moatize kukagula nsalu yakuda. Kuchokera pamenepo sakumbukira kanthu.

"Mukudziwa kuti alongo anu Lolemba akupita kundende?"

Anapinda nsonga ya chitenje chake, n'kuipindanso. Chitenjecho chinali chakuda, inde, koma chakale, chosuluka m'mphepete. Mayi wina wa mpingo anandiyang'ana ndi diso londithamangitsa, ndipo ndinachoka.

Manda a mudziwo ali pamwamba pa chitunda, moyang'anana ndi mapiri a ku Malawi. Ndikukwera njirayo, foni yanga inalira m'thumba. Unali uthenga wondilandira ku Malawi, wondiuzanso mitengo yoimbira ndili kunja kwa dziko. Ndinaima pakati pa munda wa nandolo wa ku Mozambique, ndikuwerenga kuti ndili m'dziko la eni. Aliyense wa ku Zóbuè amadziwa matenda amenewa. Ukakwera chitunda foni imagwira mlongoti wa tsidya lija, mayunitsi n'kuthera m'thumba usanaimbe n'komwe. Délcio anakulira ku Moatize, ndipo makampani omwe amajambula mapuwa sanaponde kuno.

Pamanda ndinapeza a Luciano, mkulu wa adzukulu, akusalaza mtumbira ndi khasu. Ndi nkhalamba yogontha khutu limodzi, yolankhula ngati ikukangana nawe ngakhale ikupereka moni.

"Bokosi munatsitsa nthawi yanji, agogo?"

"Katorze. Abambo mfumu anali ndi maliro ena kutsidya, ndiye ankatithamangitsa ngati tikukweza matumba a chimanga."

"Panachitika chachilendo chilichonse?"

"Palibe."

Anapitiriza kusalaza malo osalala kale. Ndinakhala pamwala n'kudikira, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita kanthawi anaika khasu pansi.

"Mwana wanga, ine ndaika anthu kuyambira nthawi ya Apwitikizi. Akufa ndimawadziwa, ndi anthu aulemu. Koma uyu ananjenjemera."

"Ananjenjemera bwanji?"

"Ine ndinali m'dzenjemo, ndikulandira bokosi cha kumutu. Ndinamva m'manja mwangamu, bzzz, bzzz, ngati njuchi yatsekeredwa m'chigubu. Kuleka. Kuyambanso. Ndinayang'ana anzanga, onse ali phee, akuimba nyimbo. Ndinati ndikanena, anthu athawa, mkazi uja amuloza chala kuti anapha mwamuna wake ndi mankhwala. Ndinakwirira msanga. Usiku wathawu sindinagone, ndachita korona katatu."

Ndinamuimbira Délcio ndili pomwepo, ngakhale ndinkadziwa kuti andidula mtengo wa ku Malawi. Ndinafunsa ngati foni ya malume ake inkalira pa nthawi yoikika.

"Eya, ndinawaikira chowakumbutsa mapiritsi a chifuwa. Inkanjenjemera tsiku lililonse pa katorze. Bwanji?"

Ndinadula foni. Ndinangoyang'ana mtumbira uja, ndi maluwa ake a pulasitiki.

*

Kudziwa komwe foni ili kunali kosakwanira. Komandanti sakanamasula munthu chifukwa cha njuchi ya a Luciano, ndipo kufukula manda si ntchito yomwe sajenti amangoidzukira. Ndinkafunika kudziwa yemwe anaiikamo, ndi chifukwa chake. Chitenje chosuluka chija sichinkandichoka m'mutu. Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Moatize.

Moatize amakulandira ndi fumbi lakuda m'mphuno. Pamene malasha anayamba kugulidwa kwambiri, tawuniyo inadzaza anthu a zipewa zolimba ndi mafoni akuluakulu. Lero ambiri a zipewawo anapita, mafoni awo anatsala m'mabenchi a okonza, osweka magalasi. Ndinafunsa mabenchi anayi. Benchi lachisanu linali la Gizela, mayi wonenepa wovala magalasi awiri, ena pamaso ena pamphumi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe, manja osaleka kugwira ntchito.

"Mayi wamng'ono, wa chitenje chakuda? Anabwera Lachitatu, inde. Ndine ndinamupatsa mpando, anali pafupi kugwa."

"Ankafuna kugulitsa?"

"Kugulitsa? Akanandiluma. Ankafuna ndiitsegule. Foni ija imatsegulidwa ndi chala cha mwini wake, apo ayi senya, manambala aja achinsinsi. Iye senya sankaidziwa. Adziwiranji, poti mwamuna ankangogunda ndi chala, basi yatseguka?"

"Inu simukanatha?"

Gizela anatsitsa magalasi a pamphumi n'kundiyang'ana nawo onse awiri.

"Mana, mchemwali wanga, zakale zija ndinkatsegula ndi mpeni wa kukhitchini. Izi amamata ndi ulimbo, batire silichoka, ndipo ukalakwitsa senya kangapo imakutsekera panja ngati mkazi wokwiya. Chomwe ndingathe ine n'kupukuta zonse, ikhale ngati yatsopano. Nditamuuza zimenezo anailanda m'manja mwanga. Ati muli mwana wake."

"Mwana?"

"Élia. Anamwalira zaka ziwiri zapitazo ndi malungo, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake anamujambula akuimba kanyimbo kake, pakhomo pawo ku Mualadze. Ati madzulo aliwonse ankakhala awiriwo n'kumaonera. Chithunzi china cha mwanayo palibe. Kafoni ka mayiyo n'kamabatani."

Ndinafunsa ngati zinthu zoterezi sizisungidwa kwina, ku makampani kuja.

"Zimasungidwa ngati ukulipira. Malo aulere akadzadza amakuuza kuti pereka mwezi ndi mwezi, pa khadi la ku banki lomwe amalifuna iwowo. Malemuwo ati ankangochotsa uthengawo ngati ntchentche. Tinayesa kulemba ku kampani pa foni yangayi. Kumayankha makina, aulemu kwambiri, Chipwitikizi cha ku Brazil. Pepani ndi imfayi, kodi mwini akaunti angatsimikize kuti ndi iyeyo? Tinati wamwalira. Pepani ndi imfayi, tatumiza manambala ku foni ya mwini akaunti. Foni yomwe yatsekekayo! Mana, anthu amenewa amadziwa nsapato zomwe ndinazisirira chaka chatha, koma sadziwa kuti munthu amafa."

Anaika chowotcherera pansi. Kwa nthawi yoyamba manja ake anaima.

"Pali mawu amodzi omwe ndinalakwitsa. Ndinati, mayi, pokhapokha chala cha mwini wake. Ndinkangotseka nkhani. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, chalacho chikadalipo. Ndinafuna kumuuza kuti chala chozizira makinawa sachimva, komanso kuti pakapita masiku amafuna senya basi, koma anali atapita kale."

*

Lamulungu Misa itatha ndinamupempha Rosária kuti tiyende pang'ono. Tinakaima kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi amayi a mpingo aja.

"Ndinali kwa Gizela," ndinatero.

Sanadzidzimuke. Anangotsamira nkhokweyo ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

"Ndinapempha kuti anditsalire ndekha m'nyumba, ndiwaike korona m'manja asanakhome bokosi," anayamba. "Ndinagwira dzanja lawo. Linali lolimba, mayi, ngati chinangwa. Ndinagunditsa chala chachikulu, inakana. Ndinachipukuta ndi chitenje, inakana. Ndinachiuzira mpweya kuti chifunde. Kachisanu inalemba mawu ena omwe sindinawamve. Ndiye ndinamva adzukulu pakhomo, ndinaikankhira pansi pa nsalu, pambali pawo. Ndinkati ndiitenga anthu akamadzaona nkhope. Koma abambo mfumu anali pachangu, anakhoma nthawi yomweyo. Ndinamva msomali uliwonse."

"Alongo anu anaona?"

"Anali pa katani. Sanandifunse kanthu mpaka lero."

"Bwanji simunanene Lachisanu, pamene ankawamanga?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti ndinatsala ndekha ndi mtembo n'kumaseweretsa zala zake? Inu ndinu wa konkuno. Alamu anga akunong'onezana kale kuti chifuwa chija sichinali chifuwa wamba. Akamva izi ati ndinkatenga chizimba. Nyumba ya ku Mualadze andilanda, kutchalitchi sindidzakhalanso pa benchi ndi munthu."

Sankanama. Ndinaonapo mkazi akuthamangitsidwa pamudzi chifukwa cha zochepa kuposa izi. Ndinamumvera chisoni kwambiri, ndipo ndinadana ndi ntchito yanga pa ola limenelo. Koma galimoto ya ku Moatize inali itathiridwa kale mafuta.

"Mayi, ine ndikhoza kulemba zomwe mwandiuzazi, komandanti n'kuwerenga yekha. Koma wodandaula ndi Délcio, ndipo iye ndi abale ake sakhulupirira pepala langa kuposa mapu awo. Adzati polisi yadya za ku Malawi. Alongo anu atuluka ndi dzina la wakuba, ngati atuluke n'komwe."

Nkhuku inadutsa pakati pathu ndi anapiye ake.

"Kawatengeni achimwene," anatero. "Amve ali pompo."

*

Abale anasonkhana pansi pa mtengo wa mango dzuwa litapendeka pang'ono. Narciso ndinamukhazika pambali panga, manja omasula. A Luciano anabwera okha osaitanidwa. Délcio anatsegula kompyuta yake pamaondo.

Ndinayamba ndi ine. Ndinawaonetsa uthenga wondilandira ku Malawi, n'kufunsa kuti ndani pano sanaulandirepo ali kumanda kuja. Anthu anaseka pang'ono, ena n'kutulutsa mafoni awo. Délcio anakulitsa mapu ake, ndipo tonse tinaona kuti chozungulira chokongoletsa chija chinkaphimba chitunda chonse, manda ali mkati. A Luciano anafotokoza za njuchi yawo, mokalipa monga mwa masiku onse.

Kenako Rosária anagwada pakati pa bwalo n'kunena zonse, osasiya ngakhale za kuuzira mpweya chala. Atamaliza, mchemwali wamkulu wa malemu, mayi ake a Délcio, anayamba kung'ung'udza kuti zimenezi si zochitika, mtembo suseweretsedwa, pali china chomwe mkaziyu akubisa. Amuna awiri anavomereza. Ndinaona nkhaniyo ikupendekera komwe Rosária ankaopa.

Anaidula ndi Délcio. Anatseka kompyuta ija pang'onopang'ono.

"Amayi, tiya Rosária sakunama. Vidiyo imeneyo ndinaionapo. Malume anandiuza kawiri kuti ndiwasamutsire pena, chifukwa foni ikudandaula kuti malo adzadza. Ndinkangoti ndidzachita ndikapeza mpata." Anatembenukira kwa Narciso, n'kugwada pafumbi ndi buluku lake la ku ofesi. "Bambo, ndinakumangani ndi lamba ngati mbuzi. Ndikhululukireni."

Narciso anangomugwira paphewa.

"Tikhoza kupempha chilolezo, tifukule," anapitiriza Délcio, mawu akuthamanga. "Ndiitengera ku Maputo, mwina kuli wodziwa. Mwina kampani ikaona kalata ya khoti..."

"Iwe," anatero a Luciano, "ine sindikumba munthu kawiri."

Onse anayang'ana Rosária. Ndinkadziwa, monga ankadziwira iye, kuti ngakhale atafukula, foniyo idzafunsabe manambala omwe anapita ndi mwini wake.

"Musawavutitse," anatero. "Mwanayo ankakonda bambo ake. Akhale naye."

Mchemwali wa malemu uja, mtima utatsika pang'ono koma asanafune kugonja, anafunsa kuti nyimbo yake inali yotani, yoti munthu mpaka kugwira mtembo. Rosária anapukuta kumaso. Anati inali yopeka yekha Élia, yoimbira sitima ya malasha. Anayamba ndi mawu ake osasawo:

"Sitima ya malasha, pita bwino,
usandidetsere diresi la Misa..."

Anaima. Anayambiranso, n'kuimanso pomwepo. Milomo inkayenda koma mawu osabwera. Zaka ziwiri ankaimva madzulo aliwonse, ndipo sanaganizepo zoiloweza, poti inalipo. Anayang'ana Délcio, Délcio anapukusa mutu. Narciso anayesa kung'ung'uza kayendedwe kake, anafika pakati n'kusokera. Pabwalo ponse panalibe wodziwa mzere wachitatu.

Ndinatulutsa foni yanga kuti ndilembe nthawi yomwe ndamasula mkaidi. Inali 2 koloko ndendende. A Luciano anali ataona kale dzuwa, ndipo anavula chipewa n'kutembenukira kuchitunda. Mmodzimmodzi tonse tinayang'ana komweko.

"Ngati moto udakalimo," anatero Rosária motsitsa, "ikuwakumbutsa mapiritsi."